Botolo la Thobwa la Pempho

Esinala anabadwira ku Nyachikadza, kutsidya kwa Shire, kumene mwana amayamba kugwira nkhafi asanagwire pensulo. Kwawoko golosale inali kutali, ulendo wa pabwato, ndiye chinthu sichinkatayidwa chisawawa. Chigubu cha mafuta ophikira chikatha chinkasanduka chotungira madzi, thumba la feteleza linkatchinga bafa, ndipo patapata ikaduka ankailumikiza ndi waya mpaka itaperepeseka yokha ndi kuyenda. Amayi ake ankati chilichonse chokhala ndi chotsekera ndi chuma, ndipo Esinala anakula nawo mawuwo.

Anakwatiwa ndi Fanuel, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo. Ana awiri oyamba sanakhalitse. Wachitatu, wamkazi, anakhala, ndipo anamutcha Pempho. Chaka cha namondwe wamkulu uja madzi analowa m'mudzi dzuwa lili tswee, anthu akuona ndi maso. Esinala anakwera mumtengo wa mango atabereka Pempho ndi chitenje, ngakhale mwanayo anali atayamba kale sukulu, ndipo anakhala momwemo akuonerera mbuzi zawo, mphasa ndi denga la nyumba yawo zikudutsa kunsi kwa mapazi ake. Bwato linawapeza mawa lake. Kuchokera tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso m'malo. Bingu likangogunda kutali kumapiri, ankasiya lichero pansi n'kuyamba kuitana mwana.

Atachoka kukampu ya anthu othawa madzi sanabwererenso kudambo kwawo kuja. Msuweni wa Fanuel anawapatsa kamalo kumtunda, kuseri kwa Bangula, ndipo Fanuel anayamba kulima thonje pa munda wobwereka, n'kumanyamulanso matumba pamsika masiku amene kumunda kunalibe chochita. Anthu a m'mudzimo sanawachitire nkhanza, komanso sanaiwale kuti ndi obwera. Pamjigo ankawatchula kuti "a kudambo aja." Esinala ankapereka moni kawiri, ankatunga madzi pomalizira, ndipo mchere ukamuthera ankalolera kudya ndiwo zozizira kusiyana n'kukapempha. Ankadziwa kuti pamudzi pakasowa nkhuku, maso amayambira pakhomo pa mlendo.

Moyang'anana ndi nyumba yawo munali nyumba ya njerwa zootcha ya Juliana, mayi wa mawu aakulu wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Bangula. Makolo ake onse anagona m'manda a m'mudzi momwemo, ndipo akayankhula pamsonkhano anthu ankakhala chete. Esinala ankamuopa. Koma ana sadziwa zimenezo. Favour, mwana wa Juliana, ndi Pempho anagwirizana ngati chala ndi mkombaphala. Onse anali mu Sitandade 4, ankapitira limodzi kusukulu, ndipo chimene wina watenga chinali cha onse awiri.

Sukuluyo inali yauve, osabisa. Madzi a pamjigo wa pasukulupo anali amchere, moti ana ankathetsa ludzu ndi mafilizesi ogula pageti, n'kutaya timapepala take pomwepo. Majumbo a mbatata ndi a zitumbuwa ankauluka ndi kamvuluvulu n'kukakodwa m'mitengo ya minga, ndipo mbuzi za m'mudzi zinkabwera kudzawatafuna. Mphunzitsi wina wachinyamata, a Limbikani, anatopa nazo. Anakumbitsa dzenje kuseri kwa makalasi loti ana aziponyamo makoko a mbatata, a nthochi, a nzimbe ndi zitsononkho kuti ziwole zisanduke manyowa a dimba la sukulu. Anapachika matumba pa mtengo wa nimu oti muzilowa mapulasitiki. Kenaka analengeza pa asembule kuti jumbo isadzaonekenso pasukulupo: aliyense azibwera ndi chakudya m'kambale kapena m'tsamba, chakumwa m'botolo lotsekeka loti azibwerera nalo kunyumba. Kalasi yotaya zinyalala zochepa ndiyo idzayambe kuthyola mpiru wa m'dimbamo.

Pempho anafika kunyumba tsiku limenelo akuthamanga.

"Amayi, andisankha! Ine ndi Favour ndife oyang'anira dzenje. Wina akaponyamo jumbo timuuza achotse."

"Chabwino, mwananga. Koma usamakalipire ana a eni."

"Ndiye ndikufuna botolo. Woyang'anira sangabwere opanda botolo, anzanga andiseka."

Za chakudya sizinavute. Esinala ankakulunga mbatata yootcha m'tsamba la nthochi, ndipo a Limbikani anainyamula m'mwamba pamaso pa kalasi yonse kuti ena atengere chitsanzo, chifukwa tsambalo linkapita kudzenje limodzi ndi makoko. Pempho atamuuza zimenezi, Esinala anaseka yekha kukhitchini. Aka kanali koyamba kuti kanthu kochokera m'manja mwake kayamikiridwe pamudzipo.

Botolo ndilo linavuta. Loyamba linali la chakumwa cha m'golosale lomwe Fanuel anatola pamsika, lopyapyala, chotsekera chake chothetheka. Esinala anathiramo thobwa la mapira. Ndi kutentha kwa chigwa chino thobwalo linafufuma m'chikwama, chotsekera chinathawa, ndipo kope la masamu linanyowa n'kumatana masamba. Pempho analira mpaka maso kutupa. Lachiwiri linaphwanyika ana atalikhalira. Lachitatu silinapezeke, pakuti tsopano mwana aliyense wa pasukulupo ankasaka mabotolo, ndipo ogulitsa mafuta ophikira pamsika ankawatola m'mamawa.

Inali nyengo yopopera thonje. Kuseri kwa nyumba, pa mphanda ya mtengo, Fanuel ankaikapo mabotolo a mankhwala ake kuti nkhuku ndi ana asawafikire. Limodzi linali litatha. Linali loyera, lochindikala, lokwana bwino m'dzanja la mwana, chotsekera chake chofiira chomanga gwa. Esinala analiyang'ana masiku angapo akamayanika zovala. Anali ataonapo mabotolo otere m'makomo mwa anthu, ena akusungiramo mchere, ena palafini, ena atawamangirira panjinga ndi madzi akumwa. Pachikalata chomatidwa pabotolopo panali chithunzi cha chigaza ndi mafupa, ndipo iye ankadziwa tanthauzo lake. Koma anati mumtima, chigazacho chikunena za mankhwala, ndipo mankhwalawo anatha.

Analitsuka ndi phulusa, kenaka ndi mchenga, kenaka ndi madzi otentha ndi sopo. Analiyanika padenga tsiku lonse. Analinunkhiza, n'kulitsukanso. Chikalatacho anachimatula n'kuchiponya pamoto kuti mwana asachite nacho manyazi. Sanamuuze Fanuel, osati pobisa, koma chifukwa sanaone chonena. M'mawa mwake anathiramo thobwa lofunda, namanga chotsekera, nalitembenuza chadodolido. Silinadonthe ngakhale pang'ono. Pempho analikumbatira ngati chidole, nathamangira kwa Favour kukamuonetsa.

Dzuwa litakwera, Esinala ali kupeta mapira pakhonde, anamva belu la kusukulu. Belulo linali limu ya tayala la galimoto, ndipo ankadziwa kulira kwake kwa buleki ndi kwa poweruka. Uku kunali kulira kwina, kosalekeza, ngati kwa moto. Kenaka amayi awiri anadutsa pamsewu akuthamanga, mmodzi atagwira mpango m'manja.

"Kwagwanji?"

"Kolera! Akuti ana agwa kusukulu!"

Sanatseke chitseko. Sanavale n'komwe patapata. Njira yonse ankangoti, asakhale wanga, asakhale wanga, ndipo atazindikira chomwe akupempha anachita mantha ndi pemphero lake lomwe.

Pabwalo la sukulu panali piringupiringu. Aphunzitsi ankabweza ana ndi timitengo kuti asayandikire. Pansi pa mtengo wa nimu uja, pafupi ndi dzenje la manyowa, panagona ana awiri pa chitenje cha mphunzitsi wina. A Limbikani anali atagwada pambali pawo, manja atawaveka majumbo omwe anasolola m'thumba la zinyalala, akupukuta masanzi. Esinala anazindikira diresi la Pempho asanaone nkhope.

Pempho anali thukuta lokhalokha, dovu likuchucha, maso akulengeza misozi koma asakulira. Favour ndiye anali woipirapo. Milomo yake inkanjenjemera yokha, minofu ya m'masaya ikudumphadumpha, ndipo pachifuwa pake pankamveka phokoso ngati madzi akuwira mumphika wovindikira.

"Mayi, musamugwire ndi manja, mwina ndi kolera," anatero a Limbikani.

Esinala sanamve. Anamunyamula mwana wake, naika nkhope yake pafupi ndi kamwa lake. Ndipo pamenepo anamva fungo. Silinali la thobwa, silinali la masanzi. Linali fungo la malaya a Fanuel akamabwera kopopera, fungo lomwe linkamuchititsa kuchapa malayawo paokha, kutali ndi mbale.

Anayang'ana uku ndi uku. Botolo lija linali pansi pafupi ndi chikwama cha Pempho, chotsekera chili pambali, m'kati mutatsala thobwa pang'ono. Anthu onse maso anali pa ana. Anatambasula dzanja, nalitseka, nalilowetsa m'chiuno kunsi kwa chitenje. Sanaganize. Dzanja linangochita lokha.

Juliana anafika pa njinga yamoto kuchokera kumsika, akununkha nsomba, akufuula dzina la mwana wake kuyambira pageti. Anakankha aphunzitsi, nanyamula Favour, mutu wa mwanayo uli lende.

"Wadya ninji? Favour! Wadya ninji mwananga?"

Anyamata a kabaza anaimika njinga zamoto ziwiri, ndipo amayi awiriwo anakwera, aliyense mwana wake pamiyendo. A Limbikani anatsalira pang'ono kufunsa ana ena, kenaka anatsatira pa njinga yawo yopalasa.

Msewu wa kuchipatala unkadutsa pa kamlatho ka mtsinje wouma, m'mbali mwake muli tchire la minga. Botolo linkamubaya Esinala m'nthiti pa bampu iliyonse. Ankadziwa kuti akangolisolola n'kulisiya ligwe, palibe adzalione mpaka kalekale. Anakumbukira nkhani yomwe inamveka ali kukampu, ya mayi wina wa mudzi wa kumtunda amene anamuganizira kuti wapatsa mwana wa mnzake chiphe: anthu sanadikire apolisi, anayamba ndi kutentha nyumba. Ameneyo anali mbadwa ya pamudzipo. Nanga iye, wa kudambo? Anafika pa kamlathoko, anadutsa. Sikunali kulimba mtima. Manja onse awiri anali atagwira Pempho, yemwe ankaterereka ndi thukuta, ndipo sakanatha kumasula ngakhale limodzi.

Kuchipatala mlonda atamva mawu akuti kolera anawalozera kutenti ya kuseri, koma adokotala, bambo wamfupi wa magalasi, anawaimitsa pakhonde. Anatsegula chikope cha Favour n'kuwalitsamo tochi, kenaka cha Pempho. Anaitana anesi kuti nawonso aone. Timadontho takuda ta pakati pa maso a anawo tinali titachepa ngati njere za mawere.

"Iyi si kolera. Alowetseni muno msanga. Avuleni zovalazi, muwasambitse."

Anawagoneka pa mabedi oyandikana. Anesi anabaya madiripi, adokotala anabaya jakisoni, nadikira pang'ono akumvetsera pachifuwa pa Favour, nabayanso wina. Kenaka anatembenukira kwa amayiwo.

"Ana awa amwa mankhwala. Ndayamba kuwathandiza mongoganizira, koma ndikufuna ndidziwe mtundu wake, chifukwa a makoswe ndi a kumunda sitichiza mofanana. Ndiponso ngati pali ana ena amene amwa nawo, ali kusukulu kuja kapena ali m'njira, ndiyenera kudziwa pompano. Adya chiyani lero?"

"Wanga ndamupatsa zitumbuwa za dzulo ndi madzi a pakhomo," anatero Juliana. "Zomwezo tadya tonse m'nyumba. Nkhabe china."

"Nanga inu mayi?"

Esinala anaweramitsa mutu, napanikiza botolo lija ndi chigongono. Pazenera panali patadzaza nkhope za anthu omwe anawatsatira kuchokera kumudzi. Wina kunjako anati, "Ndi tameki ameneyo, wina wawathirira." Wina anayankha, "Afufuzidwe. Mudzi uno kale kunalibe zoterezi."

A Limbikani analowa ali wefuwefu. "Ndafunsa anzawo," anatero. "Akuti pa buleki awiriwa anakhala paokha kudzenje, amagawana mbatata ndi thobwa. Pempho anati thobwalo likuwawa, anangomwa pang'ono. Favour ndiye anapapira."

Juliana anatembenuka pang'onopang'ono. Sanafuule. Anangomuyang'ana Esinala, ndipo kuyang'anako kunaposa kufuula.

"Make Pempho. Thobwa lanji?"

Pabedi paja Favour anakoka mpweya movutika, chifuwa chikulira. Pempho anatsegula maso pang'ono n'kunena chapansipansi, "Amayi, botolo langa lili kuti? Asanditengere."

Esinala anatembenukira kwa adokotala. Anagwada pasimenti, napisa dzanja m'chiuno, natulutsa botolo lija. Thobwa lotsalalo linamveka khuchukhuchu m'katimo.

"Ndi ili, adokotala. Munali mankhwala a thonje a bambo ake. Ndinatsuka. Ndinatsuka ndi phulusa, ndi mchenga, ndi madzi otentha. Ndinayanika padzuwa. Sindinadziwe, Mulungu akundiona."

Adokotala analanda botololo, natsegula, nanunkhiza, nakwinya nkhope. Anakanda ndi chikhadabo kunsi kwa chotsekera, ndipo kapepala kozungulira ka m'katimo kanatukuka. Kuseri kwake kunali phala lachikasu louma.

"Chikalata chake chili kuti?"

"Ndinatentha."

"Lilipo lina lofanana nalo kunyumba?"

"Lilipo, losatsegula."

"Aphunzitsi, imbirani bamboyo abwere nalo. Mufunsenso kusukulu ngati pali wina analawako."

Apo ndi pamene Juliana anamugwera Esinala. Anamugwira bulauzi pakhosi n'kumudzutsa ngati thumba. "Mwandiphera mwana! Munali nalo m'chiuno nthawi yonseyi, ine ndikufunsa, inu muli chete! Munabwera kudzatimaliza kuno?" Anesi awiri anachita kumukoka. Esinala sanadziteteze. Kunja phokoso linakula, ndipo mlonda anatseka chitseko cha wodi n'kuimapo.

Fanuel anafika ndi botolo linalo litakulungidwa m'thumba la feteleza, nkhope ili mbuu. Adokotala anawerenga chikalatacho, nagwedeza mutu, nauza anesi apitirize jakisoni yemweyo. Palibe mwana wina amene analawako. Dzuwa likupendeka, dovu la Pempho linayamba kuuma ndipo anapempha madzi. Koma Favour sanasinthe. Anamuika chipangizo chothandiza kupuma, ndipo ambulansi itabwera anamutumiza ku chipatala chachikulu ku boma. Juliana anakwera osayang'ana m'mbuyo.

Masiku otsatirawo Esinala amawakumbukira kuposa tsiku la mumtengo wa mango. Pempho anatuluka m'chipatala ali wofooka koma akuyenda yekha. Kunyumba Esinala anapeza lichero lija lili pomwe analisiya, nkhuku zitatha mapira onse. Nyumba ya Juliana inali yotseka, ndipo panalibe womuuza za ku boma. Akapita pamjigo, macheza ankaduka ngati ulusi, amayi n'kumasuntha ndowa zawo kuti zisagundane ndi yake. Mwana wina wa pafupi anabwera kudzasewera pakhomo, ndipo amake anamuitana ndi mawu oti mudzi wonse umve. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, Esinala ankaimirira kudikira kuti aone ngati yanyamula bokosi.

Tsiku lina masana kunamveka kulira kwa maliro chakumadzulo kwa mudzi. Esinala anagwira Pempho padzanja, nalowa naye m'nyumba, natseka chitseko n'kuchitsamiritsa mtondo. Anakhala pansi mumdima wa m'nyumbamo akumvetsera ngati mapazi akubwera. Fanuel ndiye anadzagogoda, n'kunena kuti amene wamwalira ndi gogo wina amene anadwala nthawi yaitali. Esinala analira ndi chimwemwe pa maliro a munthu, kenaka anachita manyazi.

Tsiku linanso kunabwera wapolisi, mmodzi, pa njinga. Esinala anali atamanga kale kamtolo ka zovala. Wapolisiyo anakhala pa mpando, nafunsa mafunso ake, naona mphanda ya mtengo ija, nauza Fanuel kuti mabotolo otha aziwaboola. Ponyamuka anati nkhaniyo idikira za mwana ali ku boma uja.

"Make Pempho," anatero Fanuel wapolisiyo atapita, "tiyeni tibwerere kwathu zinthu zisanaipe. Bwato ndikhoza kulipeza mawa."

"Kudambo kuli madzi, bambo a Pempho."

"Kuno kuli anthu."

Esinala anayang'ana mwana wake ali gone pamphasa. "Tikathawa ndiye kuti tavomera kuti ndinachita dala. Ndipo mwana wa eni uja akapita, ndiyenera kukhalapo. Andichite chomwe andichite."

Ananena zimenezi, koma kamtolo kaja sanakamasule.

A Limbikani ndi ahedi anaitanitsa makolo onse kusukulu. Esinala anapita chifukwa kusapita kukanaoneka moipa kuposa kupita, ndipo anakhala kumapeto, pafupi ndi dzenje la manyowa, mpango atautsitsira kumaso. Ana onse anauzidwa kuti atulutse mabotolo awo n'kuwaika pansi pabwalo, kalasi ndi kalasi. Kenaka mlangizi wa zaulimi, a Symon, anayenda m'mizeremo ndi ndodo, akukankhira pambali botolo lililonse lomwe analizindikira. Loyera la chotsekera chofiira. Lina lofanana nalo. Labulauni la mankhwala a mbozi. Kachigubu ka mankhwala opha udzu. Lina la dibi ya ng'ombe. Mulu unakula pakati pa bwalo, ndipo phokoso la makolo linkachepa pamene muluwo unkakula. Mabotolowo sanali a ana a kudambo okha. Ambiri anali a ana a eni mudzi, ena a anthu omwewo amene anaima pazenera la chipatala.

"Amenewa ngakhale mutsuke ndi sopo wa mtundu wanji, mankhwala amalowerera m'pulasitikimo," anatero a Symon. "Ena mwa ana anuwa akhala akudandaula mutu ndi m'mimba, inu n'kumati ndi dzuwa."

A Limbikani anaimirira pambuyo pake. Sanatalikitse. Anati iwo ndi amene anauza ana kuti abwere ndi botolo lililonse lotsekeka, ndipo ankawerenga majumbo tsiku ndi tsiku koma sanayang'anepo chomwe ana akumwera. Anatenga msomali ndi mwala, naboola botolo loyamba pamaso pa onse. Abambo ena anadzuka kukathandiza. Palibe anatembenuka kudzapepesa kwa Esinala, ndipo iye sanayembekezere zimenezo. Koma pobwerera, mayi wina amene ankasuntha ndowa pamjigo anayenda naye limodzi mpaka pamphambano.

Favour anabwera patapita sabata ziwiri ndi masiku, atawonda, akuyenda mogwirira amake. Esinala anawaona akutsika minibasi ali pakhonde, ndipo anakhala pansi pomwepo. Madzulo ake iye ndi Fanuel anapita kukagwada pakhomo pa Juliana atanyamula nkhuku. Juliana anatuluka, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Za botolo ndamva, si inu nokha," anatero. "Zimenezo ndazisiya. Koma munakhala chete mwana wanga akufa, botolo lili m'chiuno. Chimenecho sindinachimeze. Nkhukuyo bwererani nayo."

Anabwerera nayo. Apolisi sanabwerenso.

Lero Esinala akadali pamudzi pomwepo. Dzenje la kusukulu linapsa, manyowa anathiridwa m'dimba, ndipo kalasi ya Pempho inathyola nawo mpiru ngakhale sinali yoyamba. Lamulo la majumbo lilipobe, koma tsopano Lolemba lililonse aphunzitsi amayendera mabotolo a ana asanalowe m'kalasi. Makolo ena anabwerera ku zikho ndi mphonda. Fanuel anadula chigoba cha mlambe, nachipala m'kati, nachisemera chotsekera cha mtengo, ndipo Pempho amanyamuliramo mtedza ndi mbatata. Madzi amatengera m'botolo logula m'sitolo, latsopano, lomwe Esinala anaona ndi maso ake akulichotsa pashelefu. Juliana amayankha moni masiku ena, masiku ena ayi. Ana aja amapitabe limodzi kusukulu, koma Favour anauzidwa kuti asadzalandirenso kanthu kochokera m'nyumba ya a kudambo, ndipo pa buleki amakhala moyandikana, aliyense akudya zake.

Thobwa Esinala sanaphikenso. Ndipo m'mawa uliwonse, akamaliza kulongedza za mwana, amanyema kachidutswa ka mbatata n'kudya, amamwako madzi a m'botolomo, kenaka amakhala pakhonde manja ali pamiyendo, kumvetsera m'thupi mwake. Pempho amaima pafupi atavala yunifolomu, chikwama kumsana, akupondaponda.

"Amayi, belu lilira. Anzanga apita kale."

"Dikira pang'ono, mwananga."

"Dzulonso ndinachedwa, anandisesetsa bwalo."

"Usese. Dikira pang'ono."

Amadikira mpaka Esinala atameza malovu kangapo n'kuona kuti lilime lili bwinobwino. Ndiye amamupatsa chigobacho ndi botolo, n'kuimirira pamsewu kumuyang'ana mpaka atakhota pa mtengo wa bwemba.